Ng'ombe Zanga Zinali Kumtunda

Ana anga, pali funso lomwe simundifunsa pamaso, koma ndimalimva mukamanong'onezana kuseri kwa nyumba. Mumati munthu wagwira ntchito ya boma mpaka imvi mbuu, nanga chuma chake chinalowera kuti? Mowa sindinkamwa, mukudziwa. Mitala sindinakwatire, juga sindinaidziwe. Ndalama zanga ndinkazisunga, ndipo ndinkazisunga bwino kuposa anzanga onse a ku gemu. Tsoka langa linadzera pomwepo, ndipo ndi zomwe ndikufuna mumve m'mutu uno.

Ufulu utangobwera: Chinzombo

Ntchito ndinayambira ku Chinzombo, m'mbali mwa Lwangwa. Masiku amenewo nkhalango ija sinkatchedwa paki, inali gemu rizevu, ndipo ife alonda a nyama anthu ankangoti magemu. Anandipatsa yunifolomu ya khaki, jombo zondikulira ndi mfuti yokalamba kuposa ine. Bwana wathu anali mzungu yemwe tinamupatsa dzina loti Kaliwo, chifukwa kaliwo wake sankachoka pakamwa ngakhale njati ikumuthamangitsa. Tsiku lina anandiona ndikulemba dzina langa pachipewa, nati mkono wanga ndi wabwino. Kuyambira pamenepo zikwangwani za m'misewu ya m'nkhalango ndinkalemba ndine, ndi penti yoyera ya boma. Musaiwale za mkono wangawo, tikumana nawo kutsogolo.

Koma yemwe anandiphunzitsa ntchito yeniyeni anali Sajeni Jere, Mngoni wa kumtunda, kufupi ndi Chipata. Anali munthu wamtali, wosaseka pachabe, wodziwa kusiyanitsa phazi la mkango wanjala ndi la wokhuta. Nditalandira malipiro oyamba ndinagula wailesi, n'kumayenda nayo pakampu ngati mfumu. A Jere anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kujombo.

"Inu anthu a ku Malambo," anatero, potchula chigwa chathu chino, "ndalama mumaidya ngati nsomba ya lero, kuopa kuti iwola. Ukadzakalamba udzadya wailesi?"

"Nanga ndichite nayo chiyani, a Sajeni?"

"Gula ng'ombe. Ndalama ya pepala sibereka, mnyamata. Ng'ombe imabereka iwe uli m'tulo."

Ndinaseka. Kuno kwathu ng'ombe sizinkakhala chifukwa cha kashembe, ntchentche yoluma ija yomwe imayenda ndi njati ndi njiri. Nyama zakutchire siziimva, koma ng'ombe ikalumidwa imawonda mpaka kufa. Ine ndinakula ndikudziwa njovu ndi mvuu, ng'ombe ndinaiona ndili kale ndi ndevu. Ndinawauza a Jere kuti ng'ombe kuno singaone Khirisimasi.

"Ndani wati ubwere nayo kuno? Uikize kwanga."

Kuikiza kwake kunali kotere: ng'ombe ndi yako, ana ake ndi ako, koma imakhala m'khola la mnzako. Iye amamwa mkaka, amatenga ndowe zothira m'munda, ndipo zamphongo zikakula amalimira. Pepala panalibe, mboni zinali akulu a pamudzi basi. Zaka zimenezo boma linkachepetsa njovu ndi mvuu ku Kakumbi, dera lomwe kuli Chinzombo, ndipo ife operekeza alenje tinkalandira kenakake pamwamba pa malipiro. Anzanga anagula njinga ndi masuti. Ine ndinakwera lole kupita kumtunda, n'kukagula ng'ombe yaing'ono yaikazi, yofiira, yamphumi yoyera. Ndinaitcha Malambo. Tsiku lomwe ndinaigwira pamsana ndinamva ngati ndakula kuposa atate anga.

M'ma 1970: kutsinde kwa Muchinga

Ndinakwatira amayi anu, a Nelia a ku Kawaza, ndipo posakhalitsa anatitumiza kukampu ya kutali, kutsinde kwa mapiri a Muchinga. Kumeneko n'komwe anabadwira Misozi, woyamba wathu, kenako inu anyamata awiri. Mvula ikayamba msewu unkatsekeka mpaka Epulo. Mchere unkatha, sopo ankatha, amayi anu ankachapa ndi phulusa. Koma kwa munthu wofuna kusunga ndalama, malo amenewo anali abwino, chifukwa kunalibe ngakhale kasitolo kokuyesa. Malipiro a miyezi yonse ya mvula ankabwera pamodzi, ndipo ine ndinkangodula pang'ono za panyumba, zotsala zonse ulendo wa kumtunda.

A Jere anali atapuma ntchito n'kubwerera kwawo. Chaka chilichonse patchuthi ndinkapita kukaona khola. Ndinkaima pachipata m'mawa ng'ombe zikutuluka, a Jere akuzitchula maina, uyu mwana wa Malambo, uyu mdzukulu wake. "Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha," ankatero. "Izi ndi za ukalamba wako. Usadzazikhudze chifukwa cha njala ya tsiku limodzi." Mawu amenewo ndinawameza ngati lemba la m'Baibulo.

Amayi anu sankaona choncho. Ankandiitana awisi Misozi, kutanthauza bambo a Misozi, monga timaitanirana kwathu kuno, ndipo akayamba ndi dzina limenelo pang'onopang'ono ndinkadziwa kuti kukubwera mlandu.

"Awisi Misozi, ng'ombe zanuzo ana anu anamwako mkaka wake?"

"Adzamwa."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Bwanji tipemphe malo m'mbali mwa msewu ku Kakumbi, timange kanyumba ka malata? Alendo oona nyama akuchuluka. Msewu uja udzakhala ndi anthu."

Ndinawaseka. Ndinati pamalo paja pamadutsa njovu zokha, kodi zidzagula sopo? Mukamadutsa lero pamsewu umenewo, pomwe pali magolosale ndi nyumba za lendi zothithikana, muziwakumbukira amayi anu.

M'ma 1980: Kakumbi

Atatibweza ku Kakumbi zinthu zinali zitavuta m'dziko lonse. Shuga, mafuta ophikira a saladi, sopo, zonse zinali za pamzere. Malipiro ankachedwa, jombo zinang'ambika mpaka tinkayenda patirolo ndi nsapato za matayala. Opha nyama mozemba anabwera ndi mfuti za nkhondo, ife tili ndi zipolopolo zowerengeka m'thumba. Chipembere, chomwe ndinkachiona pafupifupi ulendo uliwonse ndili mnyamata, chinatha tikuona ndi maso. Kwacha nayo inkagwa ngati masamba a m'chilimwe. Anzanga omwe ankasunga ndalama ku positi ofesi anapeza kuti zomwe anasunga zaka zonse sizingagule ngakhale njinga. Pamenepo ine ndinasanduka wanzeru wa pakampu. Ankabwera kudzandifunsa malangizo, ine n'kumawapatsa, mimba patsogolo.

Ndi m'zaka zimenezo pomwe Misozi anakhoza giredi seveni, n'kusankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko ku Chipata. Kuchigwa kuno ana osankhidwa anali owerengeka, atsikana ndiye osanena. Mwanayu ankafuna unesi kuyambira ali wamng'ono, ankamanga mabandeji ngakhale nkhuku. Koma kunkafunika fizi ya chigonero, yunifolomu, matiresi, mabulangete, nsapato ndi ndalama ya ulendo, ndipo lamulo linali loti mwana akapanda kufika masabata oyambirira, malo ake amapatsidwa kwa wina. Malipiro athu anali asanabwere kuyambira mvula isanagwe. Amayi anu anagulitsa nsomba zouma ndi zitumbuwa mpaka anagula thiranki yakuda yachitsulo. Ine ndinatenga penti yoyera ija n'kulemba pachivundikiro ndi zilembo zazikulu, MISOZI, mwanayo atagwada pambali panga kuuzira kuti ziume msanga.

Bwana wathu nthawi imeneyo anali wachinyamata, a Mwansa, munthu wa mtima wabwino. Atamva nkhaniyi anandiitana kuofesi.

"Mdala, ndamva muli ndi ng'ombe. Galimoto ikupita ku Chipata mawa, sikisi koloko. Kwerani, mukagulitse imodzi, mwana apite kusukulu. Ndakupatsani masiku."

Ndinakwera ndili ndi mtima umodzi. Pageti ya kashembe, pomwe ankapopera magalimoto ochokera kuchigwa kuti ntchentche zisakwere nawo kumtunda, ndinkauza aliyense kuti mwana wanga akupita kusekondale.

Unali Januwale, mvula ili pakati. A Jere ndinawapeza kumunda, atakalamba, akutsokomola, akulima ndi ng'ombe ziwiri zamphongo. Zonse zinali zanga, Sitima ndi Kapiteni. Zawo zolima zinali zitafa ndi matenda a chigodola chaka chapitacho. Titapatsana moni tinakhala pamthunzi, ndipo ndinawauza chomwe ndabwerera. Anakondwera zenizeni, anandigwira chanza kawiri. Kenako anayang'ana kumunda.

"Ng'ombe ndi zako, mwana wanga, sindingakukanize. Koma goli ndi la awiri. Ukachotsa Sitima, Kapiteni alima ndi ndani?"

Ndinati ndiye ndigulitse yaikazi imodzi.

"Yaikazi?" Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Zonse zili ndi bere. Ukagulitsa imodzi wagulitsa ziwiri, ndi ana a anawo. Ndinakuphunzitsa choncho ine? Ndiponso mwezi uno abutchala amadziwa kuti makolo ali pamoto, amagula ngati akutola. Dikira tikolole. Meyi akafika Sitima adzakhala atanona, udzamugulitsa mtengo wa mwamuna."

Ana anga, ndimvetseni bwino apa. A Jere sanandinamize ndipo sanandibere. Zonse zomwe ananena zinali zoona. Akazi awo anandipatsa chambiko cha mkaka wa ng'ombe zanga, ndipo ndinkamwa ngati mlendo wopemphetsa. Umo ndi momwe kuikiza kumakhalira, mwini ng'ombe amalowa pakhomo ndi manyazi. Munthuyu anali atandisungira chuma zaka zonsezo osasowetsa ngakhale mchira, ndiye ndimusiye ndi munda wolima theka? M'mawa mwake kunabweradi wabutchala, atamva kuti kwafika munthu wa mwana wa sukulu. Anazungulira ng'ombe yaikazi yofiira, mdzukulu wa Malambo, n'kutchula mtengo wake. Ndalamayo ikanakwana zonse za Misozi, n'kutsalako ya basi. Koma inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi ng'ombeyo, ndipo munthuyo ankamwetulira mondipweteka. Ndinayang'ana mimba ya ng'ombe ija, ndinayang'ana a Jere, ndipo ndinati ayi.

Ndinadzinamiza kuti ndikachonderera ahedi a sukuluyo kuti asunge malo mpaka Meyi. Anandilandira mwaulemu, anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandilozera pawindo. Panja panali mzere wa makolo, aliyense ndi mwana wake ndi thiranki yake, kudikira malo a omwe sanabwere. "Bambo," anatero, "awa ndiwauze chiyani?"

Nditatsika galimoto ku Kakumbi, Misozi anali pamsewu. Anandilandira chikwama akudumphadumpha.

"Mwaswera bwanji, atate? Tinyamuka liti? Ndalongedza kale zonse."

"Tidikire tikolole, mama."

Sanalire pamaso panga. Anangoyenda patsogolo ndi chikwama chija, osacheuka. Kunyumba amayi anu anali pakhonde, thiranki ili pambali pawo.

"Awisi Misozi, ng'ombe zija zikudwala?"

"Ayi, zonse zili bwino."

"Chabwino. Bola ng'ombe zili bwino."

Nkhaniyo sanaitchulenso mpaka tsiku lomwe anamwalira. Ndikanakonda akanandilalatira, chifukwa mawu ochepawo amandiwawa mpaka lero.

Meyi atafika Sitima anagulidwa mtengo wabwino, monga ananenera a Jere. Malo a Misozi anali atapita kalekale. Anabwereza giredi seveni, koma mtima unali utachoka, malungo nawo anamugwira nthawi ya mayeso, ndipo dzina lake silinatulukenso. Patapita zaka zochepa anakwatiwa. Mukufuna kudziwa chomwe ndinachita ndi ndalama ya Sitima? Ndinagula ng'ombe zina ziwiri zazikazi.

M'ma 1990: kupuma ntchito

Chaka chomwe ndinapuma ntchito ndi chomwe anamwalira a Jere. Maliro atatha, ana awo anandiitana kukhola n'kundionetsa ng'ombe zanga imodziimodzi, osabisa ngakhale thole. Anati iwo akupita kutauni, woweta palibe, ndipo chigodola chabwereranso m'midzi yoyandikana. Ndizitenge kapena ndizigulitse. Khola linali lodzaza, moti munthu wa ku Malambo sanakhalepo ndi ng'ombe zochuluka chotero.

Misozi, yemwe nthawiyo anali ndi mwana kumsana, anandiuza maganizo ake mosazungulira. "Atate, gulitsani zonse. Mumange zipinda za lendi pamsewu, anyamata ogwira ntchito m'maloji a alendo akusowa pogona. Mwezi ndi mwezi muzidzalandira muli pampando." Anali mawu a amayi ake omwe aja, atangovala chitenje china.

Koma masiku amenewo kunali mbiri yoti kashembe watha mphamvu. Aboma anali atapachika nsalu zakuda ndi zabuluu zamankhwala m'tchire, ndipo alangizi a ziweto ankati ndi jekeseni ng'ombe zingakhale kuchigwa. Ine, munthu yemwe kashembe anandiluma moyo wanga wonse, yemwe ndinkadziwa dambo lililonse lomwe njati zimagona kuseri kwa Kakumbi, ndinkadziwa bwino kuti nsalu sizingathe ntchentche za m'nkhalango yonse ija. Ndinkadziwa. Koma kuyambira unyamata wanga ng'ombe zanga ndinkaziona kamodzi pachaka, pakhomo pa mwini. Ndinkafuna ndidzuke m'mawa, nditsegule chitseko changa, ndizione. Chifukwa china panalibe.

Tinazitsitsa wapansi kudzera kwa Jumbe. Tsiku lomwe tinalowa nazo m'mudzi anthu anasiya makasu, ana omwe anali asanaonepo ng'ombe ankathamangira kumbuyo akukuwa, ndipo ine ndinkayenda patsogolo nditavala chipewa changa cha gemu. Sindibisa, linali tsiku lokoma kwambiri pamoyo wanga. Ndinamanga khola la mitengo ya tsanya. Ndalama ya penshoni itabwera, mochedwa komanso itaonda, ndinagula ngolo ndi mabotolo a jekeseni.

Chilimwe choyamba zinayenda bwino, ndipo inu adzukulu akuluakulu munamwako mkaka. Mvula itagwa, udzu utatalika, zinayamba. Ubweya unaima, misozi inkatuluka m'maso mwake, nthiti zinayamba kuwerengeka. Zabere zinataya ana. Ndinkabaya jekeseni, zinkadzuka mwezi umodzi n'kugwanso. Mkango nawo unamva fungo n'kutengapo gawo lake. Nyama yake inali yowonda, ndipo kuno anthu nyama amaidziwa, moti ankagula mondimvera chisoni. Mvula yachitatu isanathe khola linali mbee. Yomaliza kufa inali yofiira, yamphumi yoyera, mbumba ya Malambo. Ndinakhala nayo pansi pa mtengo mpaka inaleka kupuma, ndipo ndinalira ngati mwana. Amayi anu, omwe anali atayamba kale kudwala, anabwera n'kundigwira paphewa. Chaka chotsatira nawonso anatisiya.

Ndiye chuma chija chinalowera kumeneko. Ndinachisungira ukalamba, ukalamba utafika sichinandidikire. Ndimaona tsopano kuti chuma chili ndi nyengo zake ngati mbewu. Ili ndi nthawi yokhala m'nkhokwe, ili ndi nthawi yolowa m'nthaka, ndipo ukaiumira mvula ikugwa, imadyedwa ndi anankafumbwe. A Jere anandiphunzitsa kusunga, ndipo ndimawathokoza. Nthawi yomasula dzanja sanandiphunzitse, kapena ine ndi amene sindinafunse. Akulu anati papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Kwa ine panapsa Januwale uja.

Chaka chatha

Tsopano ndimakhala kwa Misozi. Mwamuna wake anamwalira, ndipo iye amachapa ndi kusita nsalu paloji ina ku Chinzombo, pafupi ndi pomwe ndinayambira ntchito. Amadzuka kusanache, amabwera manja atatuwa ndi sopo. Munthu yemwe akanakhala nesi ndi amene amandigulira mankhwala a mawondo. Pakhomo ankaweta mbuzi, zomwe zimapirirako kuno, ndipo nthawi zina ndinkamuthandiza kuzitsekera madzulo.

Chaka chatha mwana wake wotsiriza, Esinati, anakhoza giredi seveni n'kusankhidwa kusekondale yogonera. Nditamva, ndinaganiza za ngolo ija, yomwe yakhala pansi pa mtengo wa mango nkhuku zikuikiramo mazira. Misozi atabwera kuntchito ndinamuitana.

"Mama, ngolo ija matayala ake akadali abwino. Tiigulitse, ithandize mwana."

"Zikomo, atate, koma ndalipira kale. Mbuzi ndagulitsa dzulo."

Ndinayang'ana kukhola. Chitseko chinali pululu, ine osazindikira.

"Zonse? Ndi zazikazi zomwe? Zija zinali ndi bere."

Mawuwo anangotuluka okha, ndipo nditawamva ndi makutu anga ndinafuna nthaka indimeze. Misozi anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya.

"Zazikazizo ndi zomwe zinali ndi mtengo, atate."

Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka akukoka thiranki yakuda ija. Zaka zonsezi ankasungiramo mbewu ya mtedza ndi zovala za kutchalitchi. Anaikhuthula, anaipukuta, n'kundiikira pamaso pamodzi ndi tizitini tiwiri ta penti, yakuda ndi yoyera.

"Mkono wanu ndi wabwino. Mulembereni dzina."

Ndinapaka yakuda pa dzina lakale, ndinadikira kuti iume, ndinapakanso. Kenako ndinalemba ndi yoyera, ndipo ESINATI anatuluka bwino ndithu. Vuto linali loti penti ya boma ija inali yolimba. Dzuwa likawomba chammbali, zilembo zakale zinkaonekabe pansi pa zatsopano. Ndinati ndipeze mwala ndizipale, ndiyambirenso.

Misozi anagwada pambali panga, pamalo pomwe anagwada ali mwana. Anayendetsa chala pa zilembo zobisikazo, kuyambira pa M mpaka pa I.

"Zisiyeni, atate," anatero. "Nanenso ndipiteko."